Za zisoti za asilikali a Chiroma zija

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma foni inali pa 3% magetsi atathima, nde ndikuyankha pano. Mwati mukufuna zisoti 6 za asilikali a Chiroma za sewero la Lachisanu Loyera, zamakatoni za chaka chatha zinafewa ndi mvula anyamata asanafike n'komwe pa Gologota kkkk, ndiye mukufunsa ngati pali njira yopangira zolimba komanso zofanana. Ilipo. Ine si katswiri ayi, ndimangoseweretsa zimenezi kuseri kwa nyumba kuno ku Matawale Loweruka ndikakhala ndilibe kolowera, koma dongo ndi pulasitala zomwe ndaononga zandiphunzitsa pomwe pamavuta.

Musapange chisoti chilichonse pachokha, china chituluka ngati mphika china ngati helemeti ya wakabaza. Mumaumba chimodzi basi ndi dongo, pa chimenecho mupange chikombole, zonse 6 zija zitulukire m'menemo, ngati mmene amachitira oumba njerwa. Chikombole chikakhala bwino zinazo ndi ntchito ya anyamata a kwaya.

Bwerekani tepi kwa telala muyeze mnyamata wamutu waukulu kuposa onse, kuzungulira pamwamba pa nsidze ndi makutu. Akuluakulu ambiri amagwera pakati pa 55 ndi 60 cm. Apa ndi pomwe ine ndinagwa koyamba, ndinaumba ndendende muyezo wa mutu wanga kuiwala kuti chisoticho chimakula cholowera mkati mwa chikombole komanso mudzaikamo siponji. 1 cm yoonjezera mbali zonse imaoneka yochepa koma pozungulira ndi 6 cm yathunthu. Changa choyamba chija anavala ndi mwana wa mlongo wanga wa sitandade 2.

Mkati musadzaze dongo lokhalokha, n'kulemera komanso kuononga. Kulungani nyuzi ndi majumbo ngati mpira wa chikulunga, mumange zolimba, muzike pa kamtengo kokhomera pa thabwa, kenako mumate dongo lokhuthala ngati 2 cm pamwamba pake. Dongo lake ndi lomwe amayi amaumbira mbiya, la kudambo, muchotse timiyala ndi mizu mulikande mpaka lifewe. Mukaweruka livindikireni ndi nsalu yonyowa ndi jumbo, likangouma limakhwinyata n'kung'aluka ndipo muyezo uja wapita.

Maonekedwe musaganizire pamutu, lembani Imperial Gallic pa intaneti muone zithunzi, ndi mtundu wa zisoti zomwe asilikali a Roma ankavala zaka za m'ma 1 mpaka 100 Yesu atabadwa. Muona chibade chozungulira, chotchinga khosi chotambalala kumbuyo, kamzere kotukuka pachipumi, ndi zotchinga masaya ziwiri. Zamasayazo zinali zolendewera pa mahinjesi, nde inunso musaziumbire kumodzi, mupange padera mudzalumikize ndi zidutswa za lamba wakale. Ndipo chitsukwa chofiira cha pamwamba pa chisoti chija musavutike kuika pa onse. Mpatseni kenturiyo yekha, chake chinkayenda chopingasa kuchoka khutu ili kufika khutu linalo, osati kutsogolo kupita kumbuyo ngati lipombo la tambala. Anthu akumbuyo kwa gulu adziwiratu kuti bwana ndi uyu. Tsache lofiira lapulasitiki la mumsika limagwira ntchitoyi bwinobwino.

Tsopano chikombole. Chikhale cha mbali ziwiri, ndikubwereza, ziwiri. Ine ndinathira pulasitala chisoti chonse kamodzi ndikudziona wochenjera, mawa lake chinakana kutuluka chifukwa mutu ndi wotakata pakati n'kupanikiza kumunsi, ndinachita kuswa ndi hamala sabata yonse ya ntchito kuthera pa dzala. Dulani zitini za zakumwa muzibaye mu dongo mondondozana kuyambira pachipumi kudutsa paliwombo mpaka kunkhongo, zikhale ngati mpanda wogawa mbali ziwirizo. Pulasitala wake ndi uja wa POP (Plaster of Paris), m'mashopu a hadiweya funsani wa siling'i. Madzi ayambe kulowa mu beseni, ufawo muziwaza pamwamba mpaka uyambe kuonekera ngati tizilumba, musachite mosemphanitsa mupeza mabulu ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika. Wosanjikiza woyamba akhale wamadzimadzi ngati phala la khanda kuti alowe m'timizere tonse, otsatirawo olimbirako, muziikamo zidutswa za chiguduli mpaka chikhuthale 2 kapena 3 cm. Muzisakaniza wochepa nthawi imodzi, ameneyu sadikira munthu, mphindi 10 kapena 15 wayamba kale kugwira. Mbali yoyamba ikalimba zulani zitini zija, kumbani timaenje 4 m'mphepete ndi supuni kuti mbali inayo idzakhale ndi pokolera, pakani Vaseline mphepete monsemo kenako thirani mbali yachiwiri. Mukaiwala Vaseline mwabwerera ku hamala kuja.

Ndaona wina wayankha kuti bola kungomata pulasitala pamutu pa mnyamatayo kuti muyezo ukhale weniweni. Chonde chonde musayerekeze. Pulasitala akamalimba amatentha, akakhala wochindikala amaotcha khungu kwenikweni, amagwiranso tsitsi ndipo simungamuvule mwachangu munthu akayamba kukuwa. Uja wa kuchipatala ndi wa bandeji wopyapyala pansi pake amayala thonje, ndi nkhani ina. Komanso zotsala mu beseni musatsire mu sinki, zimakaumira mu paipi.

Mukatsegula chikombole kokotani dongo, tsukani, muchisiye chiume. Kuno ku Zomba nthawi ya mvula, nkhungu ikatsika m'phirimu, sabata imatha chikadali chonyowa. Chigunditseni pa tsaya, chikamazizira ndekuti madzi akadalimo. Chikauma pakani vanishi mkati kawiri, kenako polishi wa pansi uja wa Cobra kapena Vaseline pang'ono kuti chisoti chisakakamire.

Zopangira chisoti chenichenicho zilipo ziwiri. Pali faibagilasi, ija amamatira mabampa okonza magalimoto. Imatuluka yolimba ngati helemeti yogula, koma imadula, fungo lake limapweteka mutu, ulusi wake umayabwa masiku awiri, ndipo mankhwala olimbitsa omwe amathiramo ndi 1 mpaka 2% basi, kutanthauza 10 mpaka 20 ml pa lita, mukachulutsa imatentha n'kuumira mu chitini musanapake. Imafuna panja, magolovesi, chotchinga mphuno ndi maso, ndipo chikombole chikakhala ndi chinyontho siuma bwino. Kwa gulu la achinyamata a kutchalitchi ine sindingakulimbikitseni.

Pitani pa mapepala. Osati nyuzi yokha ayi, tolani matumba a simenti pomwe akumanga, kuntha fumbi bwino, pepala lake lija lofiirira ndi lolimba zedi. Muzing'amba ndi manja osati sizasi, mphepete zong'amba zimalowana osaoneka mzere. Viikani m'madzi afewe, finyani, pakani guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi pang'ono. Mangani mbali ziwiri za chikombole ndi malegeni, muziyala mapepalawo mkati mopingasanitsa, 3 lero, ziume, 3 ena mawa, mpaka afike 8, pa chotchinga khosi onjezerani chifukwa ndi pomwe pamayamba kuthyoka. Ena akuuzani kuti phala la kondowole limamata chimodzimodzi pa mtengo wozizira, zoona limamata, koma zanga ziwiri ndinasunga mu sitolo makoswe anadya mpaka kusiya tsache lokha.

Chisoti chikatuluka dulani mphepete, tsekani mzere wapakati ndi fila, sandipepa mpaka dzanja lisamve bampu. Penti yambani ndi wakuda kenako sipuleyi ya siliva, ikauma pakani polishi wakuda wa nsapato m'makona n'kupukuta, chimaoneka ngati chitsulo choti chayenda ku nkhondo osati poto watsopano. Vanishi kunja, mkati ndi m'mphepete, poti mdani si mvula yokha, thukuta la mnyamata woyenda pa dzuwa kuchoka kutchalitchi mpaka kokapachikira limafewetsanso.

Werengani masiku bwino. Kuumba sabata, chikombole kuuma sabata ina kapena kuposa, chisoti chimodzi masiku 3 kapena 4 mu chikombole ndipo chikombolecho n'chimodzi, nde 6 ndi masabata atatu ndi kanthu, penti tisanamuwerenge. Likamakwana Lachitatu la Phulusa dongo likhale lili pa thabwa kale. Chikombole changa chakale chilipo, chinabenthuka pang'ono kunkhongo koma chikugwira, ndilembereni ku inibokosi mudzachione Loweruka masana. Mubwere ndi mnyamata wamutu waukulu uja timuyeze, chikamukwana mungotenga.