Zigoli zamuuma mnyamatayu, kodi timugule?

Funso: Akonzi, ndili m'komiti ya timu ya mu ligi ya m'chigawo. Atiuza za mnyamata wa zaka 20 wosewera kutsogolo. Liwiro ali nalo, thupi ali nalo, koma chaka chatha anangomwetsa zigoli ziwiri ndipo timu yake yamukhazika pabenchi. Ena m'komiti akuti timugule poti watchipa, ena akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Titani?
Wowerenga wa ku Dedza

Yankho: Bambo, zigoli ziwirizo pazokha sizikutiuza kanthu. Yambani mwafufuza mphindi zimene wasewera, n'kuzigawa ndi 90. Ngati ankalowa kutatsala mphindi 10 m'magemu 20, ndiye kuti wasewera mphindi 200 zokha, magemu awiri ndi pang'ono. Zigoli ziwiri pamenepo si zochepa ayi.

Kenako mutume kochi wanu akamuonere magemu atatu athunthu, atatenga pepala ndi cholembera. Mavidiyo a pafoni asakunamizeni, amangoonetsa zokoma zokhazokha. Kochiyo awerenge kuti mnyamatayo wamenya kangati mpira wolunjika pagolo ali mkati mwa bokosi, ndipo mpira ukamachokera kumbali, ndi kangati pamene wamutsogolera womutchinga. Aonenso mpira ukamupeza atafulatira golo: amaukhazika pansi kudikira anzake, kapena umamudumpha m'mapazi? Amene amaphonya ali pamalo oyenera amakonzeka, chifukwa kumalizitsa amaphunzira pa tireningi. Woopsa ndi amene gemu imatha osaoneka m'bokosi, ali kalikiliki kutsatira mpira pakati pa bwalo. Masapota amamuombera m'manja kuti ndi wolimbikira, koma zigoli sizibwera.

Taonani za Moise Kean wa ku Italy. Everton itamugula ku Juventus mu 2019, anangomwetsa zigoli ziwiri mu Premier League. Atapita pangongole ku Paris Saint-Germain, anamwetsa 13 mu ligi ya ku France. Atabwerera ku Juventus zinavutanso, moti mu 2023-24 sanamwetse ngakhale chimodzi: anavulala mwendo, komanso malo anali a mnzake wosewera kutsogolo, Dusan Vlahovic. Fiorentina inamugulabe mu 2024 pa mayuro pafupifupi 13 miliyoni. Kochi Raffaele Palladino ankamuyambitsa pafupifupi gemu iliyonse, mipira yonse ikulunjika kwa iye, ndipo anamwetsa 19 mu Serie A, ligi ya ku Italy. Chinasintha si miyendo yake.

Ndiye dzifunseninso nokha. Kodi muli naye wapakati wodziwa kuponya mpira kumbuyo kwa otchinga? Nanga mumupatsa magemu asanu ndi atatu motsatizana, ngakhale masapota azikuwa kuti atuluke? Ngati mukungofuna womuika pabenchi, musiyeni komweko.

Mukakhutira naye, musamugule nthawi yomweyo. Mutengeni pangongole ya chaka chimodzi, ndipo mtengo wodzamugulira ulembedweretu m'pangano, kuopa kuti akayamba kumwetsa eni ake adzaukweza. Malipiro apamwezi akhale ochepera, koma muonjezerepo bonasi pa chigoli chilichonse ndi pa mpira uliwonse wopatsira womwetsa. Asanasaine, adokotala amuyeze mawondo, akakolo ndi minofu yakumbuyo kwa ntchafu, chifukwa anyamata ambiri amabisa kuvulala poopa kutaya mwayi. Mufunsenso mwakachetechete ngati kumene aliko amalandira malipiro ake pa nthawi yake. Wina zigoli zimamuuma chifukwa amabwera ku tireningi wapansi, m'mimba mulibe kanthu.