Mtumbira wa agogo wasowa: tiyambire pati?

FUNSO: Agogo athu aamuna anamwalira cha m'ma 1950 ndipo akuti anaikidwa m'manda akale pafupi ndi Katete. Tikufuna kumanga chiliza koma palibe akudziwa mtumbira wake, enanso akuti mandawo si a mudzi wathu. Tingatsimikize bwanji? — Mayi wa ku Katete

YANKHO: Mayi, simenti musagule kaye. Amene akuti mandawo si anu mwina akunena zoona. Mwamuna wachichewa amene anali pachikamwini nthawi zambiri ankanyamulidwa kukaikidwa kwawo kwa amayi ake, pomwe Angoni amatsata kwa bambo. Ndiye funsani mbumba ya agogowo, osati ya akazi awo okha.

Midzi yambiri kuno kum'mawa kwa Zambia inasamukanso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 atsamunda anakankhira anthu m'marizevu (madera opatulira anthu akuda), malo abwino n'kutsalira kampani ya North Charterland. Boma litatenga malowo mu 1941, anthu anasamutsidwanso. Anthu amasamuka koma manda amatsala, n'chifukwa chake mumaona kamsitu kowirira pakati pa minda popanda nyumba pafupi.

Pitani kwa a nyakwawa kapena amfumu a malowo. Kumanda sikulowedwa popanda chilolezo chawo, makamaka kumene kuli dambwe la gule wamkulu. Apempheni akuitanireni adzukulu okalamba, chifukwa iwowa amadziwa kuti banja lakuti limagona mbali iti. Muwafunse payekhapayekha, chifukwa mukawasonkhanitsa, onse amangovomera zimene wamkulu wanena.

Mtanda wamtengo chiswe chinadya kalekale, ndipo mtumbira wa zaka 70 sukhalanso chulu, umasanduka kadzenje. Yang'anani miyala yoikidwa kumutu, zigoba za mbiya kapena mbale zachitsulo zobooledwa. Pitani mu Seputembala kapena Okutobala udzu utapsa.

Za mapepala musayembekezere zambiri ku boma, pakuti lamulo lokakamiza aliyense kulembetsa imfa linabwera mu 1973. Mabuku a mipingo ndiwo amathandiza. Mishoni za Dutch Reformed, lero Reformed Church in Zambia, zinayamba ku Magwero mu 1899 kenako Madzimoyo ndi Nyanje, ndipo akatolika nawonso ankalemba obatizidwa ndi omwalira. Ngati anamwalirira m'chipatala, kafunseninso ku chipatala cha St Francis ku Katete, chomwe chinatsegulidwa mu 1948. Ambiri amabwerako chimanjamanja chifukwa amafufuza dzina la kumudzi pomwe m'buku munalembedwa la ubatizo. Tengani onse awiri, pamodzi ndi mfunda ndi dzina la mudzi wa nthawiyo. Buku lidzakuuzani chaka ndi mudzi, koma osati dzenje lenileni.

Mboni ziwiri zikapanda kuloza malo amodzi, musamange pa mtumbira wongoganizira, mungakwirire munthu wa eni n'kuitana mlandu. Pemphani amfumu akupatseni malo m'mphepete mwa chigawo cha banja lanu, mumange chiliza chachikumbutso pamenepo. Kufukula kuti muone ndi mlandu ngati mulibe chilolezo cha boma.