Tifunseni za Nyimbo: Piyano Ikumeza Cello

FUNSO: Mwana wanga akuphunzira cello, chivayolini chija choimika pakati pa mawondo, ndipo ine ndimamuperekeza pa piyano. Tayamba sonata (nyimbo yaitali ya zigawo zingapo) yachiwiri ya Beethoven, ya G minor, koma piyano ikumumeza mwanayo moti sakumveka n'komwe. Kodi ndikulakwitsa pati? — Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, musadziimbe mlandu kwambiri. Beethoven analemba masonata awiri oyambawo, a Op. 5 (nambala yawo pa mndandanda wa nyimbo zake), mu 1796 ali ku Berlin, kulembera Mfumu Friedrich Wilhelm II ya Prussia, yomwe inkaimba cello. Piyano ya nthawiyo inali yamatabwa, ya maokitevu asanu okha, mawu ake opyapyala ndiponso ozima msanga, moti cello ndi imene inkatha kuimeza. Yanuyo ili ndi chichitsulo mkati ndi zingwe zonenepa. Manotsi ndi omwewo, koma akutuluka ngati mabingu. Komanso pa piyanopo ankakhalapo ndi Beethoven mwini wake, ndiye wogawa nyama sadzimana.

Ambiri amathamangira kutseka chivindikiro cha piyano. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, chifukwa mawu amangofota ngati mukuimbira m'bulangeti. Pepukitsani dzanja lamanzere, poti ndi limene likulimbirana malo ndi cello, ndipo manotsi akayamba kuthamanga atatuatatu mu Allegro muja, chigawo chofulumira chija, phazi lichoke pa pedulo. Mwanayo naye asaope kusendeza uta wake kufupi ndi kamlatho konyamula zingwe. Mawu amphamvu amakhala pamenepo. Muwamvereninso Steven Isserlis, woimba cello, ndi Robert Levin, woimba piyano, omwe anajambula masonatawa ndi piyano yachikale ija, mumve mmene cello imapumira bwino.

Koma pempho langa ndi lakuti mufike pa sonata yachitatu, Op. 69 ya A major, ya 1808. Imeneyo cello imayamba yokhayokha, mofatsa, kenako n'kutsikira pa E wapansi n'kukhazikika pomwepo, piyano n'kuyankha pamwamba pake. Tsiku limene ndinamva koyamba katswiri wa cello Rostropovich akuigwira E ameneyo, wa piyano Richter n'kulowa mwakachetechete, tiyi anandizizirira m'kapu. Apa palibenso woperekeza mnzake, onse awiri akucheza ngati anthu ofanana.

Awiri otsiriza, a Op. 102 a 1815, asungeni kaye. Wachisanuyo amathera ndi fugue, nyimbo ya mawu otsatizana ndi olukanalukana, yomwe imatulutsa thukuta ngakhale akatswiri, ndipo mwanayo adzaifika zala zikakhwima.