Ulendo wa ku Joni pa pikapu ya dizilo: musadikire kuti thanki iume

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba mukufuna kudziwa mmene malonda okaoda katundu ku South Africa amayendera kwa munthu amene wagula pikapu yakeyake ya dizilo, ndipo chachiwiri mwafunsa ngati n'kotheka kumayenda ndi mafuta ochepa, n'kumadzaza thanki pokhapokha mwafika m'dziko limene dizilo ali wotchipa. Za mapepala a pa chipata, msonkho ndi ma ejenti mudzazidziwa msanga, chifukwa aliyense amene mudzakwera naye ulendo woyamba adzakuuzani. Ine ndikhalitsa pa funso lachiwirili, popeza ndi limene amalonda ambiri salifunsa mpaka galimoto itawazimira pakati pa tchire.

Muyambe mwaudziwa msewu. Kuchokera ku Blantyre mumadzera pa Zalewa n'kukatulukira pa chipata cha Mwanza, n'kulowa mu Mozambique pa Zobue. Mumadutsa Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, kupyola Changara mpaka pa Cuchamano, ndipo chigawo chimenechi chokha ndi cha makilomita pafupifupi 260. Mukalowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda pamakhala makilomita pafupifupi 240 kuti mufike ku Harare, kenako ena pafupifupi 580 kudzera ku Masvingo kuti muone Beitbridge, ndipo mukawoloka Limpopo mumatsata msewu wa N1 kudzera ku Musina ndi Polokwane mpaka ku Johannesburg. Ulendo wonse umaposa makilomita 1,700 kupita kokha. M'maiko anayi amenewa mumagula mafuta ndi ndalama zosiyanasiyana, makwacha, ma metical, madola a ku America ndi ma randi, ndipo khadi ya ku banki sigwira ntchito paliponse. Ndicho chifukwa chake munthu amayesedwa kuti akoke mafuta ali m'thanki mpaka atawoloka malire ena, makamaka pobwerera, pamene ndalama zonse zalowa m'katundu.

Pikapu ngati Toyota Hilux ili ndi thanki ya malita 80. Ikakhala yopanda kanthu imamwa pang'ono, koma mukaisenzetsa mabelo ndi makatoni mpaka pamwamba, mwinanso n'kukoka ngolo kumbuyo, malita 11 kapena 12 pa makilomita 100 si chinthu chodabwitsa. Mukawerengera bwino muona kuti mtunda wa pakati pa Beitbridge ndi Harare wokha ungathe kumaliza thanki pafupifupi yonse. Onjezanipo maola amene injini imangolira muli pa mzere wa pa chipata, mukusuntha pang'onopang'ono kuseri kwa mathiraki, ndipo mudzapeza kuti chiwerengero chimene munachita muli kunyumba sichikugwiranso ntchito.

Tsono injini ya dizilo siili ngati ya petulo, imene ikatha mafuta mumangothira ena n'kuliza. Dizilo amayaka chifukwa chopoperedwa mwamphamvu kwambiri m'kati mwa mpweya wotentha umene wapanikizidwa ndi pisitoni, ndipo kuti mphamvu imeneyo ipezeke, mapaipi onse kuyambira ku thanki mpaka ku mainjekita, tizipangizo timene timapopera mafutawo m'injini, ayenera kukhala odzaza ndi mafuta okhaokha. Thanki ikauma, pampu imakoka mpweya. Mpweya umafinyika pamene mafuta safinyika, choncho pampu imangokankha chinthu chimene chikuthawa, mphamvu sikwera, ndipo injini imakana kulira ngakhale mutathira malita 20 atsopano. Kuti ilirenso muyenera kutulutsa mpweya wonsewo, ntchito imene amakaniko amati kubulida.

Mpweya ndi vuto la ola limodzi kapena awiri. Choopsa kwenikweni ndi chimene chimachitikira pampu pa nthawi imene ikuzungulira youma. Magalimoto ambiri amene tikugula masiku ano ali ndi injini za common rail, monga D-4D ya Toyota, ndipo mwa zimenezi mafuta amapanikizidwa kufika ma bar 1,500 kapena 2,000, pamene tayala la pikapu yomweyo limapopedwa ma bar awiri kapena atatu basi. Tizitsulo ta m'kati mwa pampu yotere ndi ta mainjekita timakhudzana mothinana kwambiri, ndipo chimene chimatifewetsa ndi kutiziziritsa si oyilo wa injini ayi, koma dizilo yemweyo akamadutsa. Dizilo akasowa, chitsulo chimakhula chitsulo chinzake. Tizinyenyeswa timene timatuluka pamenepo timayenda ndi mafuta kukafika ku mainjekita, tina n'kubwerera ku thanki kudzera pa paipi yobweza mafuta, kotero kuti zikavuta kwambiri kusintha pampu yokha sikukwanira: pamafunika mainjekita onse, filita yatsopano, ndi kutsuka thanki ndi mapaipi. Sindikunena kuti galimoto iliyonse imene yatha mafuta kamodzi imafa pompo. Zambiri zimalira n'kupitiriza ulendo. Koma kuwonongekako kumasonkhana, ndipo mwini wake amadzadabwa patapita miyezi galimoto ikuvuta kulira m'mawa, ikufuka utsi ndiponso ikukanika zitunda zimene kale inkakwera ndi katundu. Mtengo wa pampu ndi mainjekita anayi umameza phindu la maulendo angapo, ndipo si tawuni iliyonse ya pa msewu umenewu imene ili ndi makaniko wokhala ndi makina oyezera zipangizo zimenezi.

Palinso nkhani ya madzi ndi litsiro. Thanki imene nthawi zonse imakhala ndi mafuta ochepa imakhala ndi mpweya wambiri, ndipo mpweyawo ukatentha masana m'chigwa cha Zambezi n'kuzizira usiku pa mapiri, chinyezi chake chimasanduka madontho m'mbali mwa thanki. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakhazikika pansi pamodzi ndi dzimbiri ndi nsenga zonse zimene zakhala zikulowa zaka zambiri. N'zoona kuti paipi yokoka mafuta nthawi zonse imakokera pansi pomwepo, koma mafuta akachepa, kukhutchumuka kwa pa msewu wa maenje kumavundula zonsezo m'malita ochepa otsalawo, ndipo filita imalandira zambiri nthawi imodzi. Filita ikatsekeka galimoto imafooka ngati yatha mafuta pamene mafuta alimo. Pa magalimoto ambiri a dizilo pali nyale yochenjeza kuti madzi adzaza pansi pa filita. Ikayaka muime, mumasule kabomba ka pansi pake kuti madziwo atuluke, osati kunena kuti tikaona tikafika.

Musakhulupirirenso kwambiri muvi wa geji ukafika kumunsi. Pa chitunda, pa mtsetse kapena pokhota, mafuta ochepa amathawira mbali imodzi ya thanki n'kusiya paipi ikukoka mpweya, ndipo galimoto yolemedwa kumbuyo imakhala yopendekeka kale ngakhale pamalo athyathyathya. Injini ingathe kuzima muvi usanagone, ndipo imakonda kuzimira malo oipa. Apa ndipo pali ngozi ya moyo, osati ya ndalama chabe. Pa pikapu ya dizilo, chimene chimathandiza mabuleki kuti akhale ofewa ndi kapampu koyendetsedwa ndi injini, ndipo pa magalimoto ambiri chiwongolero nachonso chimapepuka chifukwa cha pampu yozunguzidwa ndi injini yomweyo. Injini ikazima mumatsala ndi mwayi woponda buleki kawiri kapena katatu, kenako phazi limakumana ndi chinthu cholimba, chiwongolero chimauma, ndipo muli ndi katundu wolemera akukukankhani kumbuyo. Pa mathiraki a mabuleki a mpweya, makina opopa mpweyawo amaima limodzi ndi injini. Amene amadzera njira ya ku Dar es Salaam amadziwa tanthauzo la zimenezi pa phiri la Kitonga kufupi ndi Iringa kapena pa Chiweta ku Rumphi. Anzathu otenga magalimoto a IT, ogulidwa kunja, pa doko la Dar es Salaam, amene amatsika m'sitima ali ndi timafuta tochepa kwambiri, amayamba ndi kudzaza thanki asanatuluke mu mzinda, chifukwa kutsogolo msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya nyama ya Mikumi, kumene munthu sangafune kutsika usiku ndi chigubu m'manja.

Taganizaninso za katunduyo. Galimoto ikaima pakati pa Changara ndi Cuchamano dzuwa likulowa, wina ayenera kupita kukafuna mafuta ndipo wina ayenera kutsala kulondera, ndiye ngati muli nokha muyenera kusankha chimene musiye. Mapepala odutsira ndi katundu m'dziko la eni amakhala ndi masiku ake, ndipo kuchedwa kumabweretsa mafunso ndi chindapusa pa chipata chotulukira. Kasitomala amene analipiriratu akudikira ku Limbe kapena ku Lilongwe safuna kumva za mpweya wa m'mapaipi.

Munthu wothedwa nzeru chotere amagula dizilo aliyense amene wapezeka, ndipo kawirikawiri amakhala wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Ogulitsa ena ndi okhulupirika, koma inu mulibe njira yodziwira pa mdima ngati mafutawo asakanizidwa ndi parafini kapena ngati chigubucho chinasungapo madzi. Parafini alibe kuterera kwa dizilo, choncho pampu imene yangozungulira youma mumaipatsanso mafuta osaifewetsa. Ine ndimaona kuti kuwonongeka kwa mapampu ambiri a amalonda anzanga kumachokera pa zinthu ziwirizi zikatsatana.

Kwathu kuno nkhaniyi imakula chifukwa cha kusowa kwa mafuta kumene kumabwera dziko likaperewera ndalama zakunja, monga tinaonera mu 2011 ndi 2012, mu 2022, ndiponso kumapeto kwa 2024. Pa nthawi zotere munthu wobwerera kuchokera ku Joni asawerengere kuti akamwetsa ku Mwanza. Adzaze ku Tete kapena ku Moatize, kuti akafike kunyumba, atsitse katundu, n'kutsalabe ndi mafuta okafunira ena. Kulowa pa mzere wa pa malo omwetsera mafuta nyale yochenjeza za kuchepa kwa mafuta itayaka kale n'kudziika pa chiswe, chifukwa mzere umasuntha mamita ochepa pa nthawi, mumangoliza injini ndi kuizimitsa kambirimbiri, ndipo tanka ikapanda kubwera mulibenso opitira kwina. Chigubu chachitsulo cha malita 20 chimathandiza, koma mufunse kaye malamulo ake, popeza bungwe loyang'anira za mafuta la MERA limaletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo makamaka pa nthawi ya kusowa, ndipo pa zipata amafunsa za mafuta onyamulidwa kunja kwa thanki.

Zikachitika ndithu kuti galimoto yazima, musalimbane ndi kiyi. Ikankhireni kunja kwa msewu pamalo osapendekeka, ikani matirayango kutsogolo ndi kumbuyo, valani chovala chonyezimira, ndipo thirani mafuta okwanira, malita 10 kapena kuposa, powasefa ndi kansalu koyera. Magalimoto ambiri ali ndi kapampu kopopa ndi dzanja pamwamba pa filita. Popani mpaka kalimbe, ndipo ngati pali kabawuti kotulutsira mpweya mukamasule pang'ono mpaka mafuta atuluke opanda thovu, kenako mukamange. Magalimoto amene ali ndi pampu ya magetsi amafuna kuti mutembenuze kiyi mpaka nyale ziyake popanda kuliza, mudikire kamphindi, muzimitse, n'kubwereza kangapo. Poliza musapitirire masekondi 10 kapena 15, ndipo muzipumitsa sitata pakati, apo ayi mudzawonjeza batire lakufa ndi sitata yopsa pamwamba pa vuto limene munali nalo. Anthu ofuna kukuthandizani adzabwera ndi sipanala kuti amasule mapaipi a ku mainjekita monga ankachitira pa injini zakale. Pa common rail musawalole, chifukwa mafuta otuluka ndi mphamvu imene ija amaboola khungu, ndipo mapaipi ake akamasulidwa kawirikawiri samangikanso bwino. Zonsezi muziphunzire pabwalo la kunyumba kwanu pamodzi ndi makaniko wanu musananyamuke, kuti mudziwe pamene kapampuko kali pa galimoto yanu, ndipo munyamule filita yapadera, sipanala yake ndi tochi.

Pa funso lanu la mtengo, inde, kusiyana kwa mitengo pakati pa maikowa kulipo, ndipo kumasinthasintha malinga ndi ndalama ndi misonkho, choncho wamalonda wanzeru amafunsa kwa amene angodutsa kumene n'kudzaza kwambiri kumene kwatchipa. Chimene sachita ndi kudumpha malo omwetsera mafuta odalirika muvi uli pa kota chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama za malita ochepa kutsidya. Ine ndimatenga kota ya thanki ngati pothera, ndipo pa zigawo zitalizitali monga cha Masvingo kupita ku Beitbridge ndimayamba kufunafuna mafuta muvi ukangodutsa theka. Ndalama za dizilo wobwerera muzipatule musanalowe m'sitolo ina iliyonse ku Johannesburg, muzigawe malinga ndi dziko, ma randi a ku Musina, madola a ku Masvingo ndi Harare, ma metical a ku Tete, ndipo zisakhudzidwe ngakhale mutapeza katundu wotsika mtengo chotani. Pa ulendo woyamba muzilemba makilomita ndi malita nthawi iliyonse imene mwamwetsa, popita ndi pobwerera padera, chifukwa chiwerengero cha pobwerera galimoto italemedwa ndicho mudzagwiritse ntchito poika mtengo pa katundu wanu.