Musayambe ndi Bugatti akulu, mvetserani kaye

Akulu, funso lanu ndaliona. Mwati mwaona Bugatti ya LEGO Technic, timotoka tija ta pulasitiki tomanga wekha ndi zidutswa tokhala ndi magiya enieni, pa Facebook ndiye mtima sukukhazikika, mufuna kudziwa ngati munthu wa banja ngati inu angayambe zimenezi osachita manyazi, set yoyamba ikhale iti, zija zotchipa za ku China zili bwanji, komanso ngati mungaikemo mota kuti iziyenda yokha. Zonse ndiyankha koma chachikulu ndi ichi, Bugatti isakhale yoyamba, olo ndalama yake muli nayo m'thumba lero lino.

Za manyazi sindichedwapo. Technic inayamba 1977 ku Denmark ndipo kuyambira 2020 ma set akuluakulu amalembedwa 18+ pabokosi penipeni, ndiye kuti eni ake akudziwa kuti ogula ndi madoda ndi azimayi a ntchito zawo. Komanso ife tinakulira ku Kapata, Mchini, Navutika uko ku Chipata tikupinda mawaya kupanga timotoka tokhala ndi chiwongolero chachitali chokhotetsa matayala, palibe amene anatiphunzitsa, ndiye mwana uja akakula nkupeza magiya enieni ogwira m'manja mufuna achite chani. Achibale adzafunsa mtengo, zimenezo nzoona, koma akangoona ma pistoni akukwera ndi kutsika amakhala pansi nkuyamba kupukusa okha.

Manje za Bugatti. Ija ndi set nambala 42083, inatuluka 2018, zidutswa 3599, injini W16 yoyenda ma pistoni onse 16, giyabokosi ya magiya 8 yosinthira pa tizogwirira ta kuseri kwa chiwongolero, ndipo potuluka inali pa madola 350 musanaonjezepo zotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu. Kumanga kwake nkokoma, sindikana. Vuto limabwera mukamaliza. Zonse zimene munavutikira usiku zija zimakwiririka ndi ma panel a buluu, giyabokosi simuionanso, mukasintha giya chimene chimasintha ndi liwiro la ma pistoni chabe ndipo nawonso muchite kusuzumira, motoka yake ndi yotsika kwambiri moti pa simenti ya pakhonde yokhala ndi mng'alu imakodwa. Mapeto ake imakhala pa shelefu kudya fumbi. Lamborghini Sián ya 2020 ndi Ferrari Daytona SP3 ya 2022 nkhani ndi yomweyo, nzokongola zedi koma nza kuyang'ana. Porsche 911 GT3 RS ya 2016 inachita kutchuka chifukwa ukatsatira buku lake magiya amalowa 1, 3, 2, 4 m'malo motsatana bwino, ndipo anthu ambiri sanazindikire nkomwe chifukwa zonse zinali zobisika mkati, anazitulukira ndi aja okonda kuphwasula.

Ine set ndimaiyesa ndi zimene imachita ndikaigwira, ngati ndingathe kuona mphamvu ikuchoka pa dzanja langa kapena pa mota kudutsa mu magiya mpaka kukafika pa tayala kapena pa mkono wa crane, ndiye pambuyo pake ndimafunsa kuti ndikaiphwasula zidutswa zake ndingapangire china chani. Funso lachiwirili kuno ku Chipata ndi lalikulu kuposa kwa anzathu a ku Ulaya, iwo giya imodzi ikasowa amaoda pa BrickLink, msika wa pa intaneti wa zidutswa za LEGO, sabata yomweyo yafika, ife kagiya kamodzi ka mano 12 kakhoza kukuimitsani miyezi mukudikira wina wochokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg. Ndiye set iliyonse imene mugula muione ngati sitolo yanu ya ma spare. Kukongola ndimakuika kumapeto.

Mukayesa motero, imene ili pamwamba kwa ine ndi Mercedes-Benz Arocs, nambala 42043, ya 2015, zidutswa 2793. Thiraki imeneyi akulu ili ndi zonse. Ma axle anayi, awiri akutsogolo amakhota koma mosiyana pang'ono monga zimakhalira pa thiraki yeniyeni kuti matayala asakwekwereze pakona, suspension pa matayala onse, injini ya ma silinda 6 pansi pa kabini yoti mumaigwetsera kutsogolo nkuiona, miyendo yochirikiza imatuluka m'mbali, tipa imakwera, ndipo crane yake imayenda ndi mpweya. Mota imodzi chabe ndiyo imayendetsa kapampu, mpweya umadutsa mu timapaipi ta labala kupita ku ma valve, inu mukakankha valve silinda imatuluka ndipo mumamva kaphokoso ka mpweya kaja. Mota yomweyo kudzera mu giyabokosi yogawa ntchito imatembenuzanso crane ndi kukweza tipa. Munthu ukamanga imeneyi umamvetsa chifukwa chake ma tipa aja amagwira ntchito pa Great East Road amapangidwa momwe alili. Inasiya kupangidwa kale ndiye muipeza ya second hand, koma ikapezeka yathunthu musaisiye. Ina ya mtundu womwewo ndi Unimog 8110 ya 2011, ndi thirakita ya Claas Xerion 42054 ya 2016 imene kabini yake imanyamuka nkutembenuka ndipo matayala onse anayi amakhota m'njira zitatu, ife a kuno kwa alimi a fodya ndi nshawa thirakita imatifika pamtima mwina kuposa supercar.

Land Rover Defender 42110 ya 2019, zidutswa 2573, ndiyo ambiri amayamba nayo ndipo ndimamvetsa, imaoneka ngati motoka yoti ungakumane nayo panjira ya ku Mfuwe. Ili ndi ma diff atatu (magiya olola matayala kuzungulira mosiyana liwiro pakona), magiya 4, high ndi low, winchi kutsogolo. Koma dziwani kuti giyabokosi yake ili ndi magiya ochuluka mopitirira, ndiye mukangothinitsa bush imodzi (kamphete kogwira axle) kapena kulakwitsa kayang'anidwe ka universal joint (kolumikizira ma axle awiri mopindika) imayamba kulira kuti tha tha tha mukaikankha. Pomanga muzipukusa axle iliyonse mukangoiika, ikhale yomasuka, musadikire kuti thupi lonse livale kaye. Ngati simunamangepo Technic nkomwe, gulani kaye ka set ka pakati, ka zidutswa 500 mpaka 1000, kokhala ndi diff ndi chiwongolero, kaya ndi ka tow truck kaya ka loader, zala zizolowere kusiyanitsa pini yakuda yogwira zolimba ndi yotuwa kapena ya khaki yozungulira momasuka. Kusokoneza mapini awiriwa ndiko kumalimbitsa zinthu zimene zimayenera kuzungulira.

Za ku China. CaDA ndi Mould King ndi amene mudzawaona kwambiri, mtengo ndi wotsika ndithu ndipo zambiri zimabwera kale ndi ma mota ndi remote. Sindinganene kuti nzachabe, CaDA makamaka ili ndi ma design akeake ndipo ena amachita kugwirizana ndi anthu amene anawapanga. Chimene sindigula ndi zija zokopera set ya LEGO ndendende, kapena kutenga design ya munthu wamba amene anakhala miyezi akuikonza osamupatsa kalikonse, zimenezo zimandiwawa. Kumbali ya kulimba, ma beam (timipiringidzo ta mabowo tija) ndi ma panel a makampani amenewa amagwira ntchito, pamene pamavuta ndi mapini ndi magiya, ena amathina moti chala chimatupa, ena amakhwepa. Ngati thumba lili lochepa yambani nazo palibe mlandu, koma muzisunga m'chidebe chakechake, mukasakaniza ndi zenizeni tsiku logulitsa kapena kusinthana ndi mnzanu mudzakangana. Ndipo wina akakugulitsani ya second hand nkumati ndi original, onani pa zidutswa, dzina la LEGO limalembedwa ting'onoting'ono pafupifupi pa chidutswa chilichonse, pa ma beam muyang'ane mkati pafupi ndi mabowo. Buku la pafupifupi set iliyonse lili pa webusaiti ya LEGO laulere, kumapeto kwake kuli mndandanda wa zidutswa zonse, werengani magiya, ma silinda, matayala ndi ma mota musanatumize ndalama pa foni. Wokugulirani kunja muuzeni ataye bokosi abweretse mapepala a zidutswa ndi buku chabe, bokosi limadya malo mu chikwama kwaulere, pokhapokha ngati mufuna kudzagulitsanso ndiye bokosi limakweza mtengo.

Tsopano za kuika mota, apa ndipo pamene hobby imeneyi imakoma komanso pamene anthu amathyola zinthu. Pali njira ziwiri za LEGO. Yakale ndi Power Functions, inayamba 2007 ndipo inasiya kupangidwa, remote yake ndi ya infrared ngati ya TV, ndiye panja pa dzuwa la October lathu lino imagontha, motoka imangopita osamvera. Ubwino wake ndi woti siifuna foni, mumalumikiza waya basi yayenda. Yatsopano ndi Control+ ya 2019, ya Bluetooth, imafuna app pa foni, ndiyo ili mu Liebherr R 9800 ija ya zidutswa 4108 ndi ma mota 7. Imagwira bwino koma app yake inapangidwira set imeneyo momwe ilili, mukasintha magiya kapena kupanga chanu muyenera kupita ku app ina ya Powered Up nkukonza nokha, ndiponso ine zimandidetsa nkhawa kuti chidole cha ndalama zambiri chonchi chizidalira foni imene mawa ikhoza kukana app. Ambiri okonda kusintha amatenga ma mota a Power Functions nkuwalumikiza ku BuWizz, kabokosi ka batire yotchaja ka ku Slovenia kamene kamapereka mphamvu yoposa mabatire wamba, kapena SBrick ya ku Hungary, kabokosi kowongolera ma mota pa foni.

Koma mota isanalowe mvetsani magiya. Giya ya mano 8 ikamayendetsa ya mano 24, liwiro limatsika katatu mphamvu nkukwera katatu, chimodzimodzi wa njinga akamakwera chitunda cha ku Kanjala atanyamula matumba, amatsitsa tcheni pa giya yaikulu ya kumbuyo, miyendo izungulire kwambiri njinga iziyenda pang'onopang'ono koma osaima. Set yolemera ngati Defender mukailumikiza mota kudzera mu giyabokosi yake yonse ija mphamvu imathera m'njira ndipo magiya amalumphana mpaka mano kuperepeseka. Njira yabwino ndi kuchotsa giyabokosi, mota ipite pafupi ndi ma diff, liwiro mulitsitse kumapeto pafupi ndi matayala kuti ma axle a pakati azizungulira mofulumira koma mopepuka. Nchifukwa chake 42099, 4x4 ija ya 2019, inabwera ndi ma hub okhala ndi magiya mkati mwa tayala momwemo, ndipo ngati cholinga chanu ndi kuyendetsa panja pa miyala ndi dothi imeneyo ndiyo yoyambira, osati kuvutitsa supercar. Giya iliyonse yonyamula katundu igwiridwe mbali zonse ziwiri, axle ilowe mu beam uku ndi uku kapena mu frame ija ya 5 ndi 7, mukaisiya mbali imodzi imapindika nkulumpha. Pa winchi kapena pa mkono umene umafika pothera ikani clutch gear yoyera ya mano 24, imaterereka yokha zinthu zikalimba m'malo moti axle ipotoke.

Kusintha sikuti ndi mota yokha ai. Ma set ambiri chiwongolero chili kumanzere, ife timayenda kumanzere kwa msewu ndiye chiwongolero chathu ndi cha kumanja, kuchisamutsa ndi ntchito yabwino yoyambira chifukwa imakukakamizani kutsatira axle yonse kuchoka pa chiwongolero mpaka pa rack, kampiringidzo ka mano kokhotetsa matayala. Defender yomweyo mukachotsa denga nkuika mipando itatu yokwera motsatana yasanduka motoka yoonera nyama ya ku South Luangwa, ndipo ndi ma beam otsala a Arocs munthu akhoza kupanga ka Canter konyamula mabelo a thonje. Zoterezi palibe kampani idzatipangire, tipange tokha. Pa Rebrickable mukalemba nambala ya set yanu imakuonetsani zina zimene anthu anapanga ndi zidutswa zomwezo, zina malangizo ake ndi aulere zina ogula, ndipo pulogalamu ya Studio ya BrickLink ndi yaulere pa kompyuta, mumayesa design yanu musanaphwasule chilichonse. Ma set akale ambiri analinso ndi model yachiwiri yochokera kwa eni ake, Arocs ili nayo, pamene ma supercar awa alibe, chimenenso chimandipangitsa kuwaika pansi.

Kasungidwe kuno nkofunika kuposa momwe mungaganizire. Fumbi la August ndi September likalowa mu magiya limadya pulasitiki pang'onopang'ono, ndiye kabati ya galasi kapena olo nsalu yophimba, ndi kabulashi kofewa ka penti kopukutira. Osaika pawindo, dzuwa limasandutsa zoyera ndi zotuwa kukhala zachikasu. Mukafuna kutsuka phwasulani, madzi ofunda pang'ono osapitirira madigiri 40 ndi sopo wa mbale, muumitse pamthunzi, ma mota ndi mawaya asakhudze madzi. Mafuta a injini kapena ophikira musayerekeze kuthira mu magiya, ngati pafunika kufewetsa ma silinda a mpweya ndi kadontho ka silicone chabe. Mabatire muzichotsa mukamaliza kusewera chifukwa akatayikira mkati bokosi la batire latha, ndipo motoka yolemera ikakhala nthawi yaitali ikani kanthu pansi pake matayala alendewere kuti ma spring asafooke. Ngati m'nyumba muli mwana wokwawa mapini aja akhale m'chidebe chotseka pamwamba, ndi ang'ono moti amamezeka.

Mukapeza wogulitsa, kaya ndi ku Lusaka kaya ku Lilongwe kudzera pa Mwami, ponyani nambala ya set ndi zithunzi za pansi pa motoka muno mu gulu tione ngati ma diff ndi ma universal joint alimo musanalipire, chifukwa zimenezo ndi zimene ogulitsa second hand amakonda kuzula nkusiya thupi lokha likuoneka bwino.