Ndiwauze a kuyunivesite kuti sindiona bwino, kapena ndingokhala chete?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Chilomoni yemwe wasankhidwa kukachita maphunziro owerengera ndalama pa yunivesite ina ya boma kuno ku Blantyre. Ndi wachialubino, ndipo maso ake saona patali. Walemba kuti: "Ku sekondale aphunzitsi ankandidziwa, ankandikhazika kutsogolo, ndipo pa MSCE ndinalemba pepala la zilembo zikuluzikulu. Koma kuyunivesite akuti m'kalasi mumadzaza anthu ndipo lekichala sadziwa dzina la munthu. Ndikuopa kuti ndikanena adzati ndikufuna kukonderedwa. Amalume akuti ndingolimbikira ngati anzanga. Nditani?"

Achemwali, takunyadirani. Yankho langa ndi lakuti muwauze, muwauze msanga, ndipo muwauze polemba kalata, osati pakamwa pokha.

Amalume anuwo akunena mwachikondi, safuna kuti anthu azikulozani chala. Koma kulimbikira sikukulitsa zilembo. Pa maphunziro anuwa tsiku lonse mudzakhala mukuyang'ana manambala ang'onoang'ono othithikana m'mizere, ndipo diso likasokoneza 3 ndi 8 pamzere umodzi, hisabu yonse yapita ngakhale mutu wanu ukudziwa njira yake bwinobwino. Wochonga sadzaona kuti vuto linali diso. Adzangoona yankho lolakwa.

Zomwe mukupempha si chifundo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la maufulu a anthu aulumali, ndipo gawo 24 la panganoli limanena mosabisa kuti anthu aulumali aziphunzira m'sukulu za ukachenjede mofanana ndi ena, sukuluzo zikusintha zomwe zikufunika kusintha kuti zimenezi zitheke. Panganoli limatinso kukana kusintha zinthu zotheka kusintha ndi tsankho kumene. Kuno kwathu tinali ndi lamulo la za ulumali la 2012, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lina lomwe linakhazikitsa MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, pomwe kale panali MACOHA. Komanso simuli nokha: kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno.

Tsopano tifike pa chomwe ambiri amaphonya. Amapita ku ofesi n'kunena kuti "ndili ndi vuto la maso, mundithandize." Wa mu ofesiyo amagwedeza mutu momva chisoni, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa sakudziwa kuti achite chiyani. Inuyo ndi amene mukuwadziwa maso anu. Choncho kalata yanu itchule zinthu chimodzichimodzi, moti munthu akaiwerenga adziwe chogwira mawa m'mawa.

Pa za mayeso, tchulani kukula kwa zilembo komwe mumawerenga osatopa. Musanalembe kalatayo, pitani pomwe amasindikiza mapepala, muwauze akutulutsireni ndime imodzi pa saizi 16, 18, 20 ndi 24, muwerenge chilichonse kwa kanthawi, muone chomwe mutu sukupweteka nacho. Nenaninso kuti pepala lisindikizidwe kuchokera pa kompyuta. Pepala longokulitsidwa pa fotokope limatuluka lotuwa, mizere ya matebulo imazimiririka, nthawi zina manambala a m'mphepete amaduka. Pemphani nthawi yowonjezera, ndipo yankho lawo linene kuti ndi mphindi zingati pa ola lililonse. Ndinathandizapo mnyamata wina wa pa koleji ina yemwe analonjezedwa nthawi yowonjezera pakamwa. Tsiku la mayeso woyang'anira anali wina, sanauzidwe kanthu, ndipo belu litalira anatenga pepala lake limodzi ndi a ena onse. Mnyamatayo analibe chowonetsa. Ndiye kalata ya yankho muziyenda nayo m'chikwama, ina muijambule pa foni. Ndipo musaiwale kuti mayeso si a kumapeto kwa semesita okha. Timayeso ta m'kati mwa semesita timakonzedwa ndi lekichala mwiniwake, nthawi zina usiku wa dzulo lake, ndipo ndi pomwe pepala lanu limaiwalika kawirikawiri.

M'kalasi, mpando wa kutsogolo usakhale wolimbirana ndi anthu othamanga. Pemphani kuti usungidwe, ndipo ukhale mbali yomwe kuwala kwa pawindo sikukuthobwani m'maso. Pemphani kuti alekichala azikutumizirani zomwe adzaonetse pa projekita kalasi isanayambe, kuti muzitsatira pa foni kapena pa laputopu yanu, komanso akuloleni kujambula bolodi. Alekichala ena sakonda foni m'kalasi, n'chifukwa chake chilolezo chiyenera kukhala cholembedwa. Kompyuta za Windows zili kale ndi chokulitsira zilembo: dinani batani la Windows limodzi ndi la +, zonse zikula. Maso akatopa, pali pulogalamu yaulere yotchedwa NVDA yomwe imakuwerengerani zolembedwa mokweza.

Malo ogona ndi nkhani ina yomwe sindingaidumphe. Kuchoka ku Chilomoni tsiku ndi tsiku kukutanthauza kuima pasiteji dzuwa likuswa mtengo m'mwezi wa Okutobala, kudalira kondakitala kuti akuuzeni komwe minibasi ikupita, kuwoloka misewu yodzaza magalimoto ngati Chipembere Highway, ndi kubwerera kunyumba kutada. Kuteteza khungu lanu ku dzuwa komanso chitetezo chanu ndi zifukwa zokwanira zopemphera malo m'hositelo ya pasukulu. Malo ndi ochepa, ndiye pempho ili lisadikire tsiku lotsegulira.

Kalatayi ipite kwa Registrar, mlembi wamkulu wa yunivesite, ndi kwa Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira, ina kwa mkulu wa dipatimenti yanu. Funsaninso ngati pali ofesi kapena munthu woona za ophunzira aulumali, chifukwa masukulu amasiyana pa zimenezi. Muphatikizepo kalata ya dokotala wa maso, yomwe mungaipeze ku chipatala cha maso cha Lions pa Queens, ndi kalata ya ahedi a ku sekondale kwanu yonena zomwe ankakuchitirani komanso zomwe a MANEB anakukonzerani pa mayeso. Kalata ya ahediyo ili ndi mphamvu, chifukwa ikuonetsa kuti simukuyambitsa zachilendo. Mukapereka, akudindireni kope lanu.

Ndisakunamizeni kuti zonse zidzayenda myaa. Yunivesite sidzakuchepetserani malikisi okhozera, ndipo mafunso adzakhala omwewo omwe anzanu akulemba. Zimenezo n'zoyenera, digiri yanu ikhale yolemera chimodzimodzi ndi ya wina aliyense. Zipangizo zodula mwina adzati ndalama palibe. Koma taonaninso zomwe tatchulazi: mpando, notsi pa imelo, zilembo zazikulu, mphindi zowonjezera. Pafupifupi zonsezi sizilira ndalama, zimangofuna kuti wina akumbukire. Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchito yokumbutsayo imagwera wophunzira yemwe ali kale ndi mtolo wa maphunziro. Siziyenera kutero, komabe pakadali pano, sabata yoyamba ya semesita iliyonse pitani kwa lekichala aliyense, mudzitchule dzina, mumuonetse kalata. Ambiri mudzawapeza ndi anthu abwino amene sanaganizepo chabe. Kalasi repu, woimira ophunzira a m'kalasi mwanu, nayenso mupange naye ubale, ndi amene amayamba kumva kalasi ikasinthidwa chipinda.

Za anzanu a m'kalasi, simukakamizidwa kufotokozera aliyense za maso anu. Zikalata za kuchipatala ndi za ofesi, osati za gulu la WhatsApp. Wina akadzati mukukonderedwa, mumubwereke pepala lanu aone ngati mafunso ake ndi ena.

Mukalemba koma osayankhidwa, lembaninso, mutchule tsiku lomwe munapereka kalata yoyamba. Zikakanikabe, pitani ku bungwe la ophunzira pasukulupo, ndipo kunja kuli APAM, bungwe la anthu achialubino, ndi FEDOMA yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali ndipo ili konkuno ku Blantyre. Madandaulo a tsankho amalandiridwanso ku Malawi Human Rights Commission, pomwe ofesi ya Ombudsman imaona za kusayendetsa bwino zinthu m'mabungwe a boma. Amalume anu muwawerengere kalatayo musanaipereke, ndipo ngati angathe akuperekezeni ku ofesi tsiku loyambalo, akamve okha zomwe a sukulu adzayankhe.