Sakulota ayi, vuto ndi digiri imodzi

Achimwene funso lanu ndaliona, mukuti app ya pa foni dzana imati kuphiri kugwa sinowo masentimita 30, dzulo yatsitsa kufika pa 5, lero ikuti mvula basi, ndiye mukudabwa ngati a zanyengowa amangolota popeza nyengo yozizira ikutha kale. Sakulota, kungoti sinowo wa kumapetoyu ndi amene amawatuluitsa thukuta kuposa wina aliyense.

Pakatikati pa nyengo yozizira zimaphweka, mpweya umakhala wozizira kuyambira pansi mpaka m'mwamba ndiye chilichonse chogwa ndi sinowo, chotsala nkungowerengera kuchuluka kwake. Koma kumapeto kuno kutentha kumangozungulira pa madigiri 0 pomwepo, ndiye nkhani imagona poti mvulayo isandukira sinowo potalika bwanji paphiripo. Mukamakwera phiri kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse. Tawerengerani nokha, akangophonya ndi digiri imodzi malire a mvula ndi sinowo asuntha mamita pafupifupi 150, kukwera kapena kutsika. Mamita amenewo pamapu ndi kanthu kochepa koma ndi omwe amasiyanitsa msewu wongonyowa ndi msewu wotsekeka.

Malirewo sakhalanso malo amodzi. Kukagwa mwamphamvu, sinowo amene akusungunuka ali m'mwamba amayamwa kutentha kwa mpweya, mpweya uja nkuzizira, malire aja nkumatsika. Uli m'galimoto umayamba ndi madontho wamba pagalasi, kenako timadontho tija tikuphwanyika ngati matope oyera, ma waipa ayamba kulemedwa akuunjikira m'mbali, posakhalitsa mizere ya mumsewu osaionanso, pamalo omwewo pomwe pamagwa mvula.

Ndiye za app yanuyo. Makompyuta olosera nyengo amadula dziko m'timabokosi, wa ku Ulaya uja ECMWF kabokosi kake ndi pafupifupi makilomita 9, wa ku America GFS pafupifupi 13. Mu kabokosi kamodzi muli nsonga ya phiri, muli chigwa, kompyuta imangosalaza zonse nkukhala ngati chitunda chimodzi. App imatenga nambala imodzi mmenemo nkukupatsani ili mwee ngati yatsimikiza, pomwe siikudziwa ngati muli m'munsi kapena pamwamba. Ine nambala ya app kumapiri sindiikhulupirira, ndinene poyera.

Chinanso ndi mphepo. Mpweya wachinyontho ukaomba phiri umakakamizika kukwera, umazizira, nkukhuthula zonse mbali yomwe mphepo ikuchokera, kuseri kwake kuli gwa. Mphepo ikangokhota pang'ono, mbali yolandira yasinthanso. Mu mzinda wa Denver ku America mwezi umene kumagwa sinowo wambiri ndi March, ndipo mu March 2003 kunagwa pafupifupi masentimita 80 mphepo ya kum'mawa itakankhira chinyontho kumapiri a Rocky. Ku South Africa mu September 2024, anthu akuti kuzizira kwatha, sinowo anatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass, magalimoto ndi ma thiraki anagona pomwepo usiku onse. Zija zinabwera ndi chomwe amati cut-off low, chimpweya chozizira cham'mwamba chomwe chaduka pa mkondo wa mphepo nkumangoyendayenda chokha mwapang'onopang'ono, ndipo kulosera komwe chikaime ndi mutu waukulu zedi. Chikasuntha pang'ono, manambala onse pa foni panu asintha, ndi zomwe mwaonazo.

Chomwe ndingakuuzeni, siyani kuyang'ana masentimita, werengani chenjezo la nthambi ya zanyengo ya dzikolo ndipo funani pomwe alemba kuti sinowo ayambira pa mamita angati, kenako muone kuti malo okwera kwambiri pa msewu wanuwo ndi mamita angati. Akalemba kuti pakati pa 5 ndi 30 musawaseke, amayendetsa kompyutayo kambirimbiri posintha pang'ono poyambira pake (a ECMWF amafika maulendo 51) ndipo zotsatira zikabalalika choncho ndiye kuti mlengalenga momwemo zinthu sizinakhazikike. Za masiku asanu kutsogolo muzingozimva, zodalirika zimayamba kwatsala masiku awiri kapena limodzi.

Muonenso nthawi yake. Masana dzuwa la kumapetoli limakhala ndi mphamvu ngakhale kuli mitambo, sinowo amasungunuka pa tala nkumangounjikana pa udzu, koma yemweyo akagwa usiku amagwira msewu. Komanso amakhala wamadzi, wolemera, amathyola nthambi makamaka mitengo ikakhala yaphuka kale masamba, mawaya a magetsi nawo amaduka. Ngati ulendo wanuwo ukudutsa pamwamba pa phiri usiku ndipo malire akuwaika pafupi ndi pamenepo, ine ndikanadikira kuche kaye nkumva ngati msewu watsegulidwa.